Funsani Malume: Abwana akufuna ndibweze makasitomala amene anasiya kubetcha

Malume,

Ndine mtsikana wa zaka 26. Nditamaliza maphunziro a zamalonda ndinakhala pakhomo pafupifupi chaka chathunthu, ndipo posachedwapa ndalembedwa ntchito pa kampani ina yobetcha pafoni kuno ku Lilongwe. Ntchito yanga ndi yoonetsetsa kuti makasitomala asatithawe. Sabata yatha abwana anandipatsa mndandanda wa anthu 4,000 amene atha masiku 30 osabetcha, n'kundiuza kuti theka la iwo akhale atabwerera mwezi ukamatha. Akuti ndiyambe ndi amene ankaika ndalama zambiri, ndiwatumizire free bet (mwayi wobetcha mwaulere) pa 25, tsiku limene ambiri amakhala atalandira malipiro. Ntchitoyi ndikuifuna chifukwa amayi ndi azing'ono anga awiri akudalira ine. Koma mtima sukundipatsa mtendere. Kodi pali njira yosungira makasitomala popanda kukumbira anthu dzenje?

N.B., Area 25, Lilongwe

Mwana wanga,

Usasiye ntchito chifukwa cha yankho langali. Ndikudziwa mmene zimawawira kuyenda ndi envulopu ya khaki maofesi onse a ku City Centre mpaka nsapato kutha zidendene. Kubetcha ndi bizinesi yololedwa m'dziko muno. Pali lamulo la 2022 loona za njuga ndi malotale, lomwe linabweretsa bungwe la Malawi Gaming and Lotteries Authority, lija timangoti MAGLA, ndipo munthu wa zaka 18 kupita m'tsogolo ali ndi ufulu woika K500 yake pa Bullets kapena pa Wanderers. Vuto lako lili pa mndandandawo, ndipo ndikufuna tiuyang'ane limodzi bwinobwino.

Anthu 4,000 amenewo sanachoke pa chifukwa chimodzi. Ena anawina K30,000 n'kudikira masiku atatu isanafike mu Mpamba kapena mu Airtel Money, ndiye anakwiya n'kupita kwa anzanu. Ena app yanu inkawathera bandulo. Ena ligi ya ku England itatha mu Meyi analibenso choonera. Onsewa ukhoza kuwaitana ndi mtima woyera. Koma mkati mwa mndandanda womwewo muli anthu amene anasiya chifukwa anapsa: anadya lendi, anadya fizi ya mwana, analowa katapila, kenako analumbira pamaso pa mkazi wawo kuti basi. Masiku 30 amene abwana ako akuwaona ngati ndalama yotayika, kwa munthu ameneyu ndi masiku 30 omwe walimbana ndi mtima wake n'kupambana. Ndipo ukayamba ndi "amene ankaika ndalama zambiri", ambiri mwa oyamba kulandira uthenga wako adzakhala anthu omwewa.

Ndikunena izi chifukwa ndinaziona ndi maso. Kwa zaka zisanu ndi zitatu ndinali ndi kauntala yotumizira ndalama za pafoni pafupi ndi msika wa Ndirande. Poyamba anyamata ankapita kushopu yobetcha n'kutuluka ndi katikiti kapepala, kuyembekezera mpira wa Loweruka. Zinthu zitasamukira pafoni, anayamba kubwera kwa ine. Panali bambo wina wa kabaza wa njinga yamoto, munthu waulemu, wosamwa ngakhale mowa. M'mawa ankabwera ndi K1,000: "Achimwene, ndiponyereni iyi." Pofika 10 koloko wabweranso ndi K2,000. Masana wabwera kachitatu, osavula n'komwe chipewa cha njinga. Tsiku lina anabwera kasanu ndi kamodzi, ndipo ulendo womaliza anatulutsa ma K200 opindikapindika onyowa ndi thukuta, n'kuyala pa kauntala ngati akuwerenga chopereka cha kutchalitchi. Atawerenga inakwana K1,400. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Onjezerani K600 ikwane, ndikupatsani kakangouluka." Ankanena kandege ka masewero obetcha a pafoni otchedwa Aviator. Njingayo sinali yake, ndipo mwini wake ankadikira ndalama ya tsikulo madzulo. Pa kompyuta ya kampani yobetchayo, bamboyu ayenera kuti ankaoneka ngati kasitomala wokhulupirika kuposa onse, woyenera kumusamala kuti asathawe. Ine amene ndinkalandira ndalama zake m'manja ndinkaona munthu akumira. Ndinkadya komishoni pa ulendo uliwonse umene ankabwera, ndipo zimenezo zimandivutabe mpaka lero.

Kuti uyankhule ndi abwana ako mosanjenjemera, uyenera kudziwa kumene ndalama ya kampani imachokera. Tiyerekeze masewero amene matimu awiri ali ofanana mphamvu ndipo ayenera kupezeka wopambana. Kampani imaika ma odds a 1.90 mbali zonse ziwiri, kutanthauza kuti wowina amalandira K1.90 pa K1 iliyonse imene waika. Wina waika K1,000 uku, wina K1,000 uko. Kampani yatolera K2,000, yalipira wowina K1,900, yatsala ndi K100, kaya wapambana ndani. Imeneyo ndi K5 pa K100 iliyonse. Tsopano munthu akasanja matimu khumi pa tikiti imodzi, yomwe imawina pokhapokha onse khumiwo atapambana, kagawo ka kampani kaja kamadulidwa pa timu iliyonse, moti pa ma odds oterewa K100 iliyonse yoikidwa pa matikiti a matimu khumi imabweza pafupifupi K60 yokha tikawerengera anthu onse pamodzi. N'chifukwa chake makampani amakonda kupereka bonasi pa matikiti ataliatali. Sikuti ndi ufulu ayi.

Kandege ndiye nkhani ina. Masewero a Aviator anapangidwa ndi kampani ya Spribe ndipo anatuluka mu 2019. Eni ake amanena poyera kuti amabweza 97 pa 100 iliyonse. Munthu akamva choncho amati K3 yokha si kanthu. Koma mpira umadikira Loweruka, pomwe kandege kamauluka kangapo pa mphindi imodzi, usana ndi usiku. Munthu woika K500 maulendo 200 madzulo amodzi wadutsitsa K100,000 m'makinawo, ngakhale m'thumba anali ndi K10,000 yokha imene yakhala ikupita n'kubwerera. Pa K100,000 imeneyo, gawo la kampani ndi K3,000. Achite zimenezo masiku anayi okha, uone chimene chatsala. Choncho kampani siifunika kubera munthu. Imangofunika kuti munthuyo asadzuke pampando, ndipo ntchito imene wapatsidwayo ndi imeneyo.

Nanga n'chiyani chimamusunga pampandopo? Katswiri wina wa maganizo a anthu wa ku America, B. F. Skinner, m'zaka za m'ma 1950 ankayesa nkhunda. Anapeza kuti nkhunda imene imalandira chakudya nthawi yosadziwika, mwina itajompha katatu, mwina itajompha kambirimbiri, ndiyo imajompha kwambiri ndipo imachedwa kusiya ngakhale chakudya chitaleka kubwera. Mu 2009 Luke Clark ndi anzake ku yunivesite ya Cambridge anajambula ubongo wa anthu akutchova njuga, n'kupeza kuti munthu akaphonya pang'ono chabe, mbali za ubongo zimene zimadzuka akawina zimadzukanso, ndipo chilakolako chopitiriza chimakula. Ndi zija timamva m'minibasi Lolemba lililonse: "Timu imodzi yokha ndiyo yandiphera tikiti." Munthuyo waluza ndalama yonse, koma mumtima akudziona ngati anatsala pang'ono kulemera. Bungwe la World Health Organization limawerengera kulephera kusiya njuga m'gulu la matenda, limodzi ndi mavuto ena a chizolowezi. Ndikukuuza zimenezi kuti usamaone ngati anthu a pamndandanda wakowo ndi opusa. Ambiri ndi anzeru ngati iwe ndi ine.

Ku Britain, kumene kubetcha pa intaneti kunakula kalekale, komiti ya nyumba ya malamulo ya House of Lords inalemba mu 2020 kuti 60 peresenti ya phindu la makampani a njuga imachokera kwa 5 peresenti ya makasitomala, amene ali kale ndi vuto la njuga kapena ali pafupi kugweramo. Chiwerengerocho ndi cha kumeneko, osati cha kuno, koma chikukuonetsa chifukwa chimene bwana aliyense maso ake amathamangira pamwamba pa mndandanda. Kumeneko zinafika poti boma linalowererapo mwamphamvu. Mu Epulo 2020 analetsa kubetcha ndi makhadi a ngongole. Kuyambira mu Okutobala 2021 analetsa makina a pa intaneti odzisewera okha, analamula kuti ulendo umodzi wa makinawo usachepere masekondi 2.5, analetsa phokoso la chisangalalo pamene munthu wabwezeredwa ndalama yosaposa imene anaika, ndipo analetsa batani lolola munthu kubweza m'masewero ndalama imene anapempha kale kuti atape. Mu Marichi 2023 makampani a William Hill analipitsidwa mapaundi 19.2 miliyoni, ndipo umodzi mwa milandu yake unali woti munthu wina anatsegula akaunti n'kuwononga mapaundi 23,000 m'mphindi 20 popanda womufunsa kanthu. Ukaona mndandanda wa zoletsedwazo, waona njira zimene makampani ankagwirira anthu kuti asachoke. Wina akadzakuuza kuti muyese imodzi mwa izo kuno chifukwa palibe wakuletsani, udzadziwe chimene akukupempha.

Tsopano nazi zimene ungachite Lolemba m'mawa.

Usanatumize uthenga ngakhale umodzi, sefa mndandandawo. Zonse zofunika zili kale mu kompyuta yanu. Chotsa aliyense amene ankaika ndalama kanayi kapena kasanu tsiku limodzi atangoluza kumene. Chotsa amene ankasewera pakati pa usiku mpaka tambala kulira. Chotsa amene anayamba ndi K500 ndipo m'miyezi iwiri anafika pa K50,000 ulendo umodzi. Chotsa amene ankawina n'kubwezanso yonse m'masewero tsiku lomwelo. Pita kwa anzako olandira mafoni ukafunse amene anayimbapo akulira, akutchula fizi, ngongole kapena banja, ndi amene anapempha kuti akaunti yawo itsekedwe. Amenewa usawakhudze n'komwe. Ngati pali uthenga woyenera kupita kwa iwo, ndi wowauza mmene angatsekere akaunti kwa nthawi yaitali.

Otsalawo, m'malo mowaponyera nyambo, afunse chimene chinawathamangitsa. Imbira anthu makumi asanu okha, uwafunse m'Chichewa kapena m'Chitumbuka, osati ndi Chingelezi cha mu ofesi. Ndikhoza kukuuziratu zimene ukamve, chifukwa ndinkazimva pa kauntala panga tsiku lililonse. Choyamba ndi kuchedwa kulipira. Munthu akaika ndalama imalowa m'masekondi ochepa, koma akawina amauzidwa kuti adikire, kapena amayamba kufunsidwa chitupa chimene sanafunsidwe polembetsa. Palibe chimapha chikhulupiriro ngati chimenecho. Kampani imene imalipira nthawi yomweyo siifunika kulengeza kwambiri, anthu amauzana okha pa bawo ndi pa siteji ya kabaza. Chachiwiri ndi bonasi yabodza. Mwauza munthu kuti mwamupatsa K5,000 yaulere, koma m'timalemba ting'onoting'ono mwabisa kuti ayenera kuibetcha kasanu pa matikiti a matimu angapo asanaitape. Akazindikira amadziona kuti wapusitsidwa, ndipo wapusitsidwadi. Bonasi yaing'ono yofotokozedwa m'mizere iwiri yomveka imasunga munthu kuposa yaikulu yokhala ndi msampha. Chachitatu ndi app yolemera, yosatseguka pa kafoni kotchipa ndi netiweki ya ku Ntchisi. Chachinayi ndi foni ya kampani imene imangolira osayankhidwa munthu akakhala ndi dandaulo. Zonsezi ukazikonza makasitomala amakhala, ndipo iwe usiku umagona tulo.

Pali china chimene abwana ako angachione ngati chotsutsana ndi bizinesi, koma ine ndikuti uchimenyere nkhondo. Munthu aliyense polembetsa afunsidwe kuti akufuna kumaika ndalama zosaposa zingati pa sabata, ndipo akafika pamenepo makina akane. Akafuna kutsitsa malirewo zitheke nthawi yomweyo, akafuna kukweza adikire tsiku lathunthu mutu uzizire. Ndipo pamwamba pa foni pazioneka poyera kuti mwezi uno waika zingati, watapa zingati, watsala pati. Pafupifupi aliyense amene ndinkamuponyera ndalama ankakumbukira tsiku limene anawina K80,000, koma panalibe ngakhale mmodzi amene ankadziwa zimene waluza chaka chonse. Mphunzitsi amene amaika K2,000 Loweruka lililonse, mkazi wake akudziwa, akhoza kukhala kasitomala wanu zaka khumi. Amene mwamukama K600,000 m'miyezi itatu adzachoka ndithu, ndipo adzachoka ali ndi ngongole, akukutukwanani kwa aliyense womumvera. Pempha abwana kuti ntchito yako iyesedwe ndi anthu amene adakali nanu pakatha chaka akubetcha mofanana ndi mmene anayambira, osati ndi ndalama imene yalowa pa 25.

Za pa 25 zomwezo, ine ndikuti kana. Tsiku limenelo ndalama imene ili m'foni ya munthu ili kale ndi eni ake: mwini nyumba, wa golosale amene anamukongoza, ESCOM, Water Board, thumba la chimanga. Uthenga wofika ola limene malipiro alowa cholinga chake n'kupikisana ndi ana a munthuyo. Ngati mukufuna kutumiza uthenga, tumizani Lachisanu masana pamene kuli mpira waukulu, kamodzi pa sabata, kwa okhawo amene anavomera kulandira mauthenga, ndipo pansi pake pakhale njira yosavuta yowaletsera. Usiku ayi.

Polankhula ndi abwana usapite ndi ulaliki, pita ndi masamu. Awonetse anthu angati anachoka chifukwa cha kuchedwa kulipidwa, ndi ndalama zimene kampani ingabweze pokonza zimenezo zokha. Akumbutse kuti ku Kenya mu Epulo 2025 bungwe loyang'anira njuga linaimitsa kulengeza konse kwa njuga kwa masiku 30 anthu atadandaula kwambiri za achinyamata. Makampani akapitirira muyezo, chikwapu chimagwera onse, ndipo palibe chifukwa choganizira kuti kuno sizingachitike. Zimene mwagwirizana uzilembe pa imelo kuti pakhale umboni. Bwana wanzeru adzamva. Koma akadzakuuza kuti utumize free bet kwa munthu amene anapempha yekha kutsekeredwa akaunti, kapena kuti utseke maso pa akaunti imene ukudziwa kuti akusewera ndi mwana wa sukulu wa Fomu 2 pa nambala ya amayi ake, pamenepo ndiye pa malire. Ukane, usunge umboni, ukadziwitse a MAGLA, ndipo uyambe kutumiza makalata ofunsira ntchito kwina. Luso losunga makasitomala likufunikanso kumabanki, kumakampani a mafoni ndi a inshuwaransi. Undilemberenso pakatha mwezi, ndimve kuti mwa anthu 4,000 aja unachotsamo angati.

Malume,

Ndine bambo wa ana atatu. Ndinasiya kubetcha miyezi itatu yapitayo nditadya K240,000 imene mkazi wanga anatenga ku banki mkhonde kuti tigule feteleza. Anandikhululukira ndipo tikubweza pang'onopang'ono. Tsopano kampani ija yanditumizira uthenga kuti andisowa ndipo andipatsa free bet ya K2,000. Poti ndi yaulere, kodi pali cholakwika nditangoisewera yokhayo, mwina n'kupezapo yochepetsera ngongole?

Wolapa, Kasungu

Achimwene,

Ndaika kalata yanu pansi pa ya mtsikana wa ku Lilongweyo mwadala, chifukwa inu ndi mmodzi mwa anthu amene ndikumuuza kuti awachotse pa mndandanda. Musaisewere. Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Sanakusoweni inu, asowa K240,000 ina.

Taonani mmene imayendera. Kawirikawiri free bet ikawina amakupatsani phindu lokha, K2,000 yeniyeniyo imabwerera kwa eni ake. Mukaiika pa ma odds a 2.00 n'kuwina, mwapeza K2,000, ndipo ngongole ya feteleza siinasunthe. Ndiye mtima udzati muike pa tikiti ya matimu khumi kuti ibale zambiri, ndipo timu imodzi idzakupherani. Pamenepo mudzakhala mwatsegula kale app, mawu achinsinsi mwawakumbukira, ndipo ndalama ili m'foni momwemo. Mawu anu akuti "mwina n'kupezapo yochepetsera ngongole" ndi omwe aja anakudyetsani ndalama ya banki mkhonde. Kufuna kubweza zoluza pobetchanso ndi chizindikiro chachikulu chimene madokotala amayang'ana pa vutoli.

Lero lomwe, muonetseni mkazi wanu uthengawo. Kenako muli naye limodzi, lemberani kampaniyo kuti itseke akaunti yanu mpaka kalekale ndipo isiye kukutumizirani mauthenga, musunge yankho lawo. Akapitiriza, kadandauleni ku MAGLA ndi umboni umenewo. Chotsani app, tsekani nambala imene ikutumiza mauthengawo, tulukani m'magulu a WhatsApp ogawana ma odds. Kwa miyezi ingapo ikubwerayi, ndalama zikuluzikulu za pakhomo zizikhala m'foni ya amayi, inu muzingosunga ya thiransipoti ndi ya mayunitsi. Zimenezo sizikuchotserani ubambo. Chilakolako chikamakuvutanibe, makamaka usiku kapena tsiku la malipiro, pitani kuchipatala cha boma pa Kasungu mukafunse woona za matenda a maganizo, kapena a St John of God amene ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, omwe amathandiza anthu a mavuto a chizolowezi. Popita mutenge amayiwo kapena mbale wanu amene mumamukhulupirira, ndipo mukatchule ndalama yonse imene munaluza, osachotserapo.

Malume